Ophika Atachotsedwa Ntchito, Ndege Zidaima

Anthu ambiri a ku Domwe, Tsangano, Zobwe ndi Furancungo ndege amangoionera m'mwamba, ikamadutsa ndi kusiya mzere woyera ngati wa choko. Amene adafikako ku Chingodzi, pa bwalo la ndege la mu mzinda wa Tete, ndi owerengeka, ndipo ambiri mwa iwowo adapita kukaperekeza bwana kapena kukachingamira m'bale. Choncho nkhani ya sitalaka ya anthu ogwira ntchito za ndege ingathe kumveka ngati mkangano wa anthu okhuta. Komatu sitalaka imene idaimitsa ndege mu mzinda wa London, ku Britain, pa 11 Ogasiti 2005 siidayambe ndi oyendetsa ndege ayi. Idayamba ndi amayi ophika, odula ndiwo ndi otsuka mbale. Ndipo mafunso amene amayiwo adakumana nawo ndi omwewo amene amasautsa mnyamata wolembedwa ndi kontrakitala ku Moatize: kodi bwana wake weniweni ndani, nanga atamuchotsa ntchito, ndani amene ali ndi ufulu womuimirira?

Kuti ndege imodzi inyamuke pamafunika anthu ambiri amene wokwera sawaona. Pali woyendetsa ndi womuthandiza wake, pali opereka chakudya m'katimo, pali amakaniko, othira mafuta, osesa, opakira katundu kumimba kwa ndegeyo, oyendetsa mabasi onyamula anthu kuchokera ku nyumba yodikiriramo, ndiponso olondolera amene amauza ndege iliyonse nthawi yotera ndi yonyamuka. Gulu limodzi lokha likapinda manja, ndege siichoka. Chinanso nchakuti malonda a kampani ya ndege sasungika. Mlimi wa chimanga akakana mtengo wa wogula, amabweza matumba ake m'nyumba ndi kudikira Januwale. Koma mpando wa m'ndege uli ngati tomato wakupsa wa m'mbali mwa msewu ku Zobwe: akapanda kugulidwa lero, mawa ngotaya. Ndege ya Lachinayi ikalephera kunyamuka, ndalama za mipando yake zapita basi, sizibwerera Lachisanu. Nchifukwa chake antchito a pa bwalo la ndege ali ndi mphamvu zoposa za antchito ena ambiri. Nchifukwa chakenso eni makampani akhala akufunafuna njira yowagawanitsira.

Njira imene idapezeka ndi yogulitsa ntchito zina kwa makampani apadera. Kale kampani ya British Airways inkadziphikira yokha chakudya cha anthu okwera ndege zake pa bwalo la Heathrow. Ophikawo anali antchito ake, a bwana mmodzi ndi opakira katundu. Mu 1997 idagulitsa khitchini yakeyo kwa kampani yotchedwa Gate Gourmet, imene panthawiyo inali ya eni ake a Swissair, kampani ya ndege ya ku Switzerland. Swissair itagwa mu 2001, Gate Gourmet idagulidwa mu 2002 ndi Texas Pacific Group ya ku America, imene ntchito yake ndi kugula makampani odwala, kuwadula nthambi ndi kudzawagulitsanso ndi phindu. Amayi aja sadasamuke. Ntchito inali yomweyo, ndipo chakudya, mbale pafupifupi 80,000 pa tsiku, chinkakwerabe ndege zomwezo za British Airways. Chidasintha ndi dzina lolembedwa pamwamba pa pepala la malipiro.

Dzina limeneli si chinthu chaching'ono. Ufulu wokambirana malipiro pamodzi ngati gulu udabadwa chifukwa chakuti wantchito mmodzi akalowa yekha mu ofesi kukapempha kuwonjezeredwa, bwana amamulozera khomo, pakuti kunja kuli anthu khumi ofuna malo akewo. Koma antchito 2,000 akatuma nthumwi zawo, bwana amakoka mpando ndi kukhala pansi. Zimene agwirizana zimalembedwa, zimasainidwa, ndipo zimamanga mbali zonse ziwiri. Izi zimayenda pokhapokha ngati munthu wakhala kutsidya kwa tebuloyo ndiye wagwira thumba la ndalama. Pa Heathrow sizinali choncho. Wogula wamkulu wa chakudyacho anali British Airways, ndipo iyeyo ankakanikiza mtengo kuti utsike. Gate Gourmet inkauza antchito kuti ikuluza ndalama, pafupifupi mapaundi 25 miliyoni m'chaka chimenecho. Ndiye sindikato inkakambirana ndi munthu wonena kuti m'thumba mwake mulibe kanthu, pamene wokhuthula thumbalo ankati anthu amenewa si ake. Aliyense amene adagwirako utenanti pa esiteti ya fodya akuidziwa nyimbo imeneyi: kapitawo amati kafunseni mwini munda, mwini munda amati iye sakukudziwani, mudalembedwa ndi kapitawo.

Ambiri mwa ophikawo anali amayi achikulire ochokera ku mabanja a ku India, makamaka a ku Punjab, okhala m'madera a Southall ndi Hounslow pafupi ndi bwaloli. Ankalandira mapaundi pafupifupi 12,000 pa chaka. Munthu akasintha ndalamayi kupita ku meticais angathe kuzunguzika mutu, koma kumeneko inali pafupifupi theka chabe la zimene wantchito wamba wa tsiku lathunthu ankalandira, mu mzinda umene lendi ya nyumba imameza malipiro asadafike pakhomo. Pakati pa chaka cha 2005 kampani idabweretsa ndondomeko yochepetsa antchito ndi kudula zina zimene ankalandira. Antchito adaponya voti, nakana.

Lachitatu pa 10 Ogasiti, amayi atafika pa ntchito m'mamawa, adapeza anthu achilendo oposa 100 ataima pa malo awo. Anali aganyu ochokera kwa kampani yobwereketsa antchito, olipidwa ndalama zochepa. Kampani idati yawabweretsa chifukwa Ogasiti ndi mwezi wa maulendo ambiri. Kwa anthu amene ankauzidwa tsiku ndi tsiku kuti achuluka ndipo ena ayenera kuchoka, yankho limeneli silidamveke. Adasiya mipeni ndi mbale, nakasonkhana m'chipinda chodyeramo kuti amve kwa atsogoleri awo. Mabwana adawauza kuti abwerere ku ntchito kapena achotsedwa. Sadabwerere, ndipo adachotsedwadi. Ena amene adafika pambuyo pake adauzidwa za kuchotsedwa kwawo ali pa malo oimikapo magalimoto, bwana akulankhula pa chimkuzamawu ngati wogulitsa kaunjika. Oposa 600 adapita pa kanthawi kochepa, ndipo pomaliza chiwerengero chidafika pafupifupi 800.

Patangopita masiku ochepa nyuzipepala ya Daily Mirror idatulutsa chikalata cha m'kati mwa kampaniyo chimene chinkafotokoza m'mene angaputire antchito kuti anyanyale popanda kutsata malamulo, kenako nkuwachotsa ndi kulemba otchipa. Kampani idavomera kuti chikalatacho chidalembedwadi, koma idati adalemba ndi mabwana ena akale ndipo maganizowo adakanidwa. Owerenga aweruze okha. Msampha ukapezeka m'munda ndipo nyama yagwidwa mwendo pamalo pomwepo, mwini munda amavutika kukhulupiritsa mudzi kuti adautchera ndi kuuiwala.

Tsiku lotsatira, Lachinayi, kudachitika chimene mabwana sadachiwerengere. Antchito a British Airways pafupifupi 1,000, opakira katundu ndi oyendetsa mabasi, adasiya ntchito. Iwo analibe mlandu ndi bwana wawo pa za malipiro. Palibe amene adawachotsa kapena kuwaopseza. Koma anali m'sindikato imodzi ndi ophika aja, yotchedwa Transport and General Workers' Union, ndipo ambiri ankakhala m'madera omwewo, kupemphera m'nyumba zomwezo, ena anali amuna awo, alongo awo kapena ana awo. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo anali antchito a bwana mmodzi. Kwa iwo pepala la 1997 silidasinthe chibale. Zotsatira zake zidaoneka lisadalowe dzuwa: British Airways idaimitsa ndege zake zonse pa Heathrow, maulendo oposa 700 adalephereka, anthu pafupifupi 100,000 adasowa kolowera, ndipo kampaniyo idataya mapaundi pafupifupi 40 miliyoni.

Antchito 800, ambiri mwa iwo amayi, atachotsedwa, dziko likadamva kwa tsiku limodzi nkuiwala. Ndege zitaima, dziko lonse lapansi lidafunsa kuti amayi amenewa ndi ayani.

Koma zimene adachita opakira katunduwo zinali zoletsedwa. M'nthawi ya ulamuliro wa Margaret Thatcher, nyumba ya malamulo ya ku Britain idayamba mu 1980 kuchepetsa ufulu wonyanyala ntchito pothandiza antchito a bwana wina, ndipo mu 1990 idautsekeratu. Pofika 2005 sitalaka yololedwa inali yokhayo ya antchito olimbana ndi bwana wawo wolembedwa pa pepala, atayamba aponya voti kudzera pa positi ndi kupereka chidziwitso masiku asanu ndi awiri zisadachitike. Zonsezi zimatenga masabata. Bwana amachotsa anthu m'mawa umodzi, koma antchito kuti ayankhe adikire mwezi. Lamulo lomwelo lidati sindikato ikapanda kukana poyera, polemba kalata, sitalaka imene anthu ake ayamba okha, ingathe kulipitsidwa, ndipo ikanyozera khoti chuma chake chingathe kulandidwa, monga zidachitikira sindikato ya antchito a m'migodi ya malasha mu 1984. Motero atsogoleri a sindikato, pansi pa mlembi wamkulu Tony Woodley, adakakamizika kuikana sitalaka yokhayo imene inkaluma. Pa 12 Ogasiti opakira katundu adabwerera ku ntchito. Khoti lidalamulanso kuti pa chipata cha Gate Gourmet pasaime anthu oposa asanu ndi mmodzi, ndipo amayi otsalawo ankasonkhana pa kachulu ka udzu chapatali, akuona malole a chakudya akulowa ndi kutuluka.

Lamulo limeneli ndi lokondera, ndipo kukondera kwake sikufuna loya kuti akuone. Eni chuma ali ndi ufulu wodula kampani imodzi kukhala zidutswa zinayi kapena khumi, chilichonse ndi dzina lake, koma phindu likuyenderera ku dziwe limodzi. Atha kuthandizana, kubwerekana antchito, kugwirizana mitengo ya kontrakiti. Antchito okha ndiwo amauzidwa kuti aliyense akhale m'khola lake, asasuzumire kwa mnzake. Ndipo amene amamanga makolawo ndi bwana yemweyo. Ngati malire a sitalaka ndi dzina la pa pepala, ndipo dzinalo amasankha ndi bwana, ndiye kuti bwana wapatsidwa mphamvu yosankha kukula kwa gulu limene lingalimbane naye.

Pali zonena mbali inayo, ndipo si zopusa. Choyamba ndi anthu 100,000 aja. Sadalakwire aliyense. Ena adagona pansi pa simenti ndi ana, ndipo pa gulu lalikulu chotero sipalephera kukhala wothamangira maliro kapena wodwala. Kuwawa kwawo kunali kwenikweni, ndipo wonena kuti sitalaka siipweteka osalakwa akunama. Funso ndi lakuti mlanduwo ugwere ndani: amene adasiya ntchito kwa tsiku limodzi ndi theka, kapena amene adachotsa anthu 800 pakati pa mwezi wa maulendo ambiri akudziwa bwino lomwe chibale cha pa bwalolo. Ulendo wolephereka Lachinayi udachitika Loweruka kapena Lolemba. Ntchito ya mayi wa zaka 50 ikatha, kawirikawiri yatha basi.

Chachiwiri nchakuti British Airways siidachotse munthu, ndiye idalangidwiranji? Yankho idapereka ndi kampaniyo yokha. Ndege zitaima, ndipo kwa masabata angapo okwera akupatsidwa timapepala togulira chakudya pansi m'malo mwa chakudya chotentha m'mwamba, British Airways idavomera kukonzanso kontrakiti yake ndi Gate Gourmet ndi kuwonjezerapo ndalama, malinga mkangano ndi antchito utatha. Munthu amene nkhani siikumukhudza satulutsa ndalama zothetsera nkhaniyo. Thumba lidali kwa iyeyo kuyambira pachiyambi, ndipo sitalaka yoletsedwa ija ndiyo idamukokera ku tebulo kumene sitalaka yololedwa sikadatha kumufikitsa.

Chachitatu ndi chachikulu: lamulo ndi lamulo. Apa nkoyenera kunena mosabisa kuti ngakhale msonkhano wa amayi aja m'chipinda chodyeramo sudatsate ndondomeko. Akatswiri a bungwe la dziko lonse loona za ntchito, ILO, akhala akunena kuti antchito ayenera kuloledwa kunyanyala pothandiza anzawo malinga ngati sitalaka yoyambayo ili yovomerezeka, ndipo pa mfundo imeneyi amayiwo analibe pogwira. Koma anthu a dziko lino ali ndi chifukwa chosafulumira kuweruza. Kumayambiriro kwa 1990, mitengo ya zinthu itakwera kamba ka ndondomeko ya PRE imene idayamba mu 1987, antchito a njanji, a pa doko, a m'zipatala, a m'mafakitale ndi aphunzitsi adanyanyala ntchito ku Maputo, ku Beira ndi kwina. Malamulo aakulu a dziko panthawiyo sankatchula ufulu wa greve, ndipo OTM, imene idakhazikitsidwa mu 1983 pansi pa phiko la chipani, si imene idawatuma. Ufuluwo udadzalembedwa mu Novembala chaka chomwecho, anthu atautenga kale ndi miyendo yawo. Amene anali kothawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu akukumbukanso Meyi 1992, pamene sitalaka yoyambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre idafalikira kwa antchito ena, nigwedeza boma limene linkaoneka ngati thanthwe. Masitalaka amenewa akadadikira chilolezo, bwenzi akudikirabe.

Kuti munthu aone bwino kulemera kwa zimene adachita opakira katundu a ku Heathrow, ayenera kuziika pambali pa zimene zidachitika ku America zaka 24 m'mbuyo mwake. Pa 3 Ogasiti 1981 olondolera ndege pafupifupi 13,000, a m'sindikato ya PATCO, adanyanyala ntchito. Ankafuna malipiro okwera ndi maola 32 pa sabata, ponena kuti ntchito yoyang'anira miyoyo ya anthu mazana m'mwamba imatha munthu asadakalambe. Iwo anali antchito a boma, ndipo lamulo linkawaletsa kunyanyala. Pulezidenti Ronald Reagan, amene sindikato yomweyo idamuthandiza pa chisankho cha 1980, adawapatsa maola 48. Pa 5 Ogasiti adachotsa anthu 11,345 ndi kulamula kuti asadzalembedwenso. Boma lidaika asilikali ndi akapitawo m'malo mwawo. Mu Okotobala sindikatoyo idalandidwa chilolezo, ndipo chiletso cha kulembedwanso chidadzachotsedwa mu 1993 ndi Pulezidenti Bill Clinton, ambiri atakalamba kale kapena atapeza zina.

Chimene chidapha PATCO si Reagan yekha. Oyendetsa ndege adapitiriza kuuluka. Amakaniko adapitiriza kumanga mabawuti. Onsewo anali ndi masindikato amphamvu, ndipo akadangokana kwa masiku atatu, asilikali akadalondolera mlengalenga mopanda kanthu. Atsogoleri awo adalankhula mawu okoma, ena adayenda nawo pa zionetsero, koma ntchito sadasiye. Zifukwa anali nazo: malamulo, mapangano awo, ndiponso kukwiya kuti PATCO idayamba nkhondo osawafunsa. Chifukwa chomalizachi ndi phunziro kwa sindikato iliyonse, pakuti munthu saitana anansi kudzazima moto ngati sadawapatseko moni chaka chonse. Chodabwitsa nchakuti thandizo looneka lidachokera kunja. Olondolera ndege a ku Canada adakana kwa masiku awiri kulandira ndege zopita kapena zochokera ku America, ndipo anzawo a ku Portugal, amene amayang'anira njira ya pamwamba pa nyanja kuchokera ku zilumba za Açores, adachitanso chimodzimodzi mwezi womwewo. Anthu a chinenero china, a bwana wina, adamva kuwawa kumene a khomo loyandikana sadakumve. Koma masiku awiri sadakwanire.

Pasakhale wonamizidwa kuti kugwirizana ndi mankhwala a nthenda iliyonse. Mu Malichi 1989 amakaniko a kampani ya Eastern Air Lines ku America komweko adanyanyala polimbana ndi mwini wake Frank Lorenzo, ndipo ulendo uno oyendetsa ndege ndi opereka chakudya adakana kudutsa pa chipata. Ndege zidaima, Lorenzo adalandidwa ulamuliro ndi khoti mu 1990, koma mu Januwale 1991 kampaniyo idatsekedwa, ntchito za onse nkutha. Pafupi pano, antchito a South African Airways adanyanyala kwa sabata imodzi mu Novembala 2019, napeza zowonjezera za 5.9 pa 100 iliyonse, koma mwezi wotsatira kampani idalowa m'manja mwa oipulumutsa ku ngongole, ndipo ambiri adadzachotsedwa. Ng'ombe yowonda siikamidwa ndi chikwapu. Sindikato yanzeru imayamba yafuna kuona mabuku a ndalama, ndipo ufulu woona mabukuwo ndi mbali ya kukambirana kwenikweni. Koma ku Heathrow ng'ombe yonenepa inalipo, pakuti British Airways inkapanga phindu m'zaka zimenezo. Idangoimikidwa kuseri kwa mpanda kumene lamulo lidaletsa okama kufikako.

Nkhani ya amayi aja siidathe bwino. Kumapeto kwa Seputembala 2005 sindikato ndi kampani adasainirana pangano, mothandizidwa ndi bungwe lalikulu la masindikato a ku Britain, TUC. Mwa anthu pafupifupi 800, amene adabwerera pa ntchito anali osafika 300, ndipo adabwerera pa malamulo atsopano okhwima. Ambiri adalandira ndalama zotsanzikira, ena sadalandire kanthu. Kagulu ka amayi ena kadakana kusaina pepala lolonjeza kuti sadzasuma, kadapita ku khoti la za ntchito, koma kadagonja. Amayi amenewa adakwiyira sindikato yawo pafupifupi mofanana ndi m'mene adakwiyira kampani, ndipo nkovuta kuwadzudzula. British Airways nayo idachotsa atsogoleri awiri a antchito powaganizira kuti ndiwo adasonkhezera sitalaka ya pa 11 Ogasiti. Msonkhano waukulu wa chipani cha Labour, chimene chinkalamulira, udavota chaka chomwecho kuti ufulu wothandizana ubwezeretsedwe, koma boma la Tony Blair lidakana. Mu 2014 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, pa mlandu wina wa sindikato ya antchito a njanji, lidagamula kuti Britain siidalakwe posunga chiletsocho.

Wina angati ndiye opakira katundu adangodzivutitsa. Ayi. Popanda iwo sipakadakhala pangano lililonse, ngakhale loipalo. Amene adabwerera pa ntchito ndi amene adalandira ndalama adapeza zimenezo kamba ka tsiku limodzi ndi theka limene ndege zidaima. Tsiku lachitatu ndi lachinayi ndi amene lamulo lidaba.

Ku Moçambique, pa pepala, zinthu zili bwino kuposa m'mene ambiri amaganizira. Ndime 86 ya malamulo aakulu a dziko imapereka ufulu wokhazikitsa ndi kulowa sindikato. Ndime 87 imapereka ufulu wa greve, imalola kuti uchepetsedwe pa ntchito zofunika kwambiri pa moyo wa anthu, ndipo imaletsa bwana kutseka chipata kuti akhaulitse antchito. Mu 1996 dziko lino lidavomereza mapangano awiri a ILO, nambala 87 ndi nambala 98, onena za ufulu wa masindikato ndi wokambirana malipiro pamodzi. Lamulo latsopano la ntchito lidakhazikitsidwa mu 2023 m'malo mwa la 2007. Komatu mapepala onsewa amayamba ndi funso lomwe lija: bwana wako ndani? Pa bwalo la ndege, bwalolo ndi la Aeroportos de Moçambique, ndege ndi za LAM kapena makampani ena, ndipo ntchito zapansi zingathe kukhala m'manja mwa enanso. Ku migodi ya malasha, pa ntchito za misewu ndi m'mafakitale, anthu olowa pa chipata chimodzi m'mawa amakhala a mabwana osiyanasiyana. Woyendetsa makina ali ndi sindikato ndi pangano losainidwa. Mlonda amene wamutsegulira chipata, mayi amene wamuphikira nsima ndi mnyamata amene watsuka galimoto yake ndi a kontrakitala, ndipo kontrakiti ikatha kapena ikapita kwa wotchipa, amauzidwa pakamwa kuti mawa asabwere.

Kwa atsogoleri a masindikato a m'chigawo cha Tete, ntchito yagona pamenepa, ndipo ndi ntchito ya nthawi ya mtendere, osati ya tsiku la mkangano. Akakhala pa tebulo ndi kampani yaikulu, asakambirane za mamembala awo okha. Alembetse m'panganomo kuti kontrakitala aliyense wolowa pa chipatacho azilipira osachepera ndalama zakutizakuti, azipereka kontrakiti yolembedwa, azidula ndi kutumiza ndalama za INSS, ndipo kontrakiti ikasintha manja antchito asatayidwe pamodzi ndi yunifolomu yakale. Alembetsenso kuti nthumwi za antchito a makampani onse a pamalopo zizikumana pamodzi, ndipo kampani yaikulu izikhalapo pa zokambirana zimene zikukhudza mtengo umene iyo yomwe idadula. Bwana adzakana, adzati anthu amenewo si ake. British Airways idanenanso chimodzimodzi mpaka Lachinayi masana.

Ndipo kwa makolo a kumudzi amene mwana wawo wapeza ntchito ku Moatize kapena ku Tete, pali mafunso oyenera kumufunsa akabwera ndi shuga ndi sopo kumapeto kwa mwezi, asadayambe kufotokoza za kukula kwa kampani imene amalowa pa chipata chake. Pa pepala lake la malipiro palembedwa dzina la yani? Ali ndi kope la kontrakiti yake m'manja? Nanga mlembi wa sindikato wa pamalopo amamudziwa dzina, kapena amangomudutsa pa chipata?